Kodi Wosintha Oyilo ku America Timampatsa Kangachepe?

FUNSO: Malume, ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Oyilo wa galimoto ndimakasinthitsa kumalo aja achangu, kumene umangokhala pa chiwongolero anyamata akugwira ntchito kunsi. Ulendo wathawu ndikulipira ndi khadi, kamakina kanandifunsa ngati ndiwonjezepo tip, kangachepe kothokozera wogwira ntchito. Ndinakana, koma mtima sunakhale m'malo. Kodi ndinalakwa? — Mayi wa ku South Bend

YANKHO: Mayi, simunalakwe ngakhale pang'ono.

Ku America, tip ili ndi mphamvu kwambiri m'malesitilanti chifukwa cha malipiro. Lamulo la boma lalikulu limalola bwana kulipira woperekera chakudya madola 2.13 okha pa ola, ndalama yomwe sinasinthe kuyambira 1991, poyembekezera kuti makasitomala akwaniritsa yotsalayo mpaka kufika madola 7.25, omwe ndi malipiro otsikitsitsa kuyambira 2009. Indiana imatsatira zomwezo. N'chifukwa chake mukadya n'kuchoka osasiya 15 kapena 20 peresenti ya mtengo wa chakudyacho, mwam'mana mwana wa mnzanu malipiro ake enieni.

Wosintha oyilo kumalo ngati Jiffy Lube, Valvoline Instant Oil Change kapena Take 5 nkhani yake ndi ina. Iyeyo amalandira malipiro athunthu pa ola, ndipo mtengo umene mwalipira waphatikiza kale thukuta lake. Kamakinako kamafunsa aliyense, sikuti pali amene akukuyang'anani ndi diso.

Komabe ine sindinganene kuti musamapereke. Ntchitoyo ndi yowawa: kuima m'dzenje tsiku lonse, injini zotentha pamwamba pa mutu, chisanu cha January chikulowa pakhomo lotsegula. Mnyamata akakuonetsani lamba wa injini amene wayamba kung'ambika, kapena akakusonyezani pamene oyilo akudontha, kapena akavutika ndi bawuti yomwe wina anamanga mopitirira muyeso, madola 5 kapena 10 ndi oyenera. Mum'patse m'manja. Ndalama yodutsa pa kamakina inu simuona mmene yagawidwira, pomwe ya m'manja mukudziwa kuti yafika kwa mwini thukuta.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Kwathu munthu akakana ya fanta koyamba timadziwa kuti ndi ulemu chabe, ndiye timakakamiza mpaka alandire. Kumeneko ayi. Malo ena amaletsa antchito awo kulandira ndalama kwa makasitomala, ndipo kukakamiza kwanu kungam'yike mnyamatayo pamavuto ndi abwana ake. Akakana, bwezani m'chikwama, muthokoze ndi pakamwa. Mukafuna kum'thandiza kwenikweni, uzani manijala kuti wagwira bwino, kapena mulembe mawu oyamikira pa Google, mum'tchule dzina lake loyamba.

Ndikudziwanso kuti ambiri a ife timachita manyazi akatibweretsera fyuluta ya mpweya pawindo n'kunena kuti yada, tisinthe. Timagula ngati njira yothokozera. Musatero, Mayi. Ndalama imeneyo ndi malonda a kampani. Tsegulani kabuku ka galimoto yanu, muone mtunda umene opanga analemba kuti fyulutayo isinthidwe. Ngati nthawi sinakwane, ingonenani mwaulemu kuti lero mwabwerera oyilo yekha.