Yambani ndi WordPress ngati olemba nkhani ndi ambiri

Mwafunsa za pulogalamu yoyendetsera webusaiti imene anthu osiyanasiyana azitumizako nkhani zawo, inu n'kumaziunika kaye zisanatuluke. Ndikukulangizani kuti muyambe ndi WordPress, chifukwa imabwera ndi maudindo ogawidwa kale. Munthu amene mwamupatsa udindo wa Contributor amatha kulemba nkhani ndi kuipereka kuti iunikidwe, koma sangaifalitse yekha, pakuti mphamvu imeneyo ili m'manja mwa Editor (mkonzi). Vuto lake n'lakuti Contributor saloledwa kuika zithunzi, choncho mudzafunika pulagini (kapulogalamu kowonjezera pa WordPress) yosintha zilolezo, ndipo apa muyenera kusamala kwambiri, chifukwa kulola anthu osawadziwa kuti aziika mafayilo pa seva yanu (kompyuta imene imasunga webusaiti yanu) kumapereka mpata kwa owononga.

Drupal, pulogalamu ina yoyendetsera webusaiti imene Dries Buytaert anaitulutsa mu 2001, imaposa WordPress pa kasanjidwe ka ntchito younika, popeza zida zoyendetsera ntchitoyi, zotchedwa Content Moderation ndi Workflows, zili m'kati mwake, ndipo nkhani ikhoza kudutsa kwa akonzi angapo isanafalitsidwe. Komabe imafuna munthu wodziwa bwino za seva, makamaka pa nthawi yoikonzanso. Pulogalamu ya MediaWiki ndi yoyenera pokhapokha ngati mukufuna kuti aliyense azikonza zolemba za mnzake monga zimachitikira pa Wikipedia.

Mukatsegula kalembera kwa aliyense, maakaunti abodza adzabwera ambiri, motero muike CAPTCHA (mayeso otsimikizira kuti wolembetsa ndi munthu weniweni), ndipo muonetsetse kuti wolembetsa watsopano asamapatsidwe udindo wa Author, umene umalola munthu kufalitsa nkhani popanda womuunika.