Funsani Makaniko: Hilux yagona zaka zisanu, ndiyambire pati?

FUNSO: Akulu, ndagula Hilux ya 1994, ya 4x4 ija ya injini ya 2.8 dizilo, koma yakhala panja zaka zisanu osalira. Ndikufuna ndiyidzutse ndiziyenda nayo m'matope ndi m'mapiri. Anzanga akuti ndiyambe ndi kuyikweza, matayala akuluakulu kenako penti. Ndalama zilipo koma si zambiri ayi. Ndiyambire pati? (Wowerenga wa Hilux)

YANKHO: Achimwene, anzanuwo asiyeni kaye. Galimoto mwasankha yabwino, Hilux za zaka zimenezo zinkabwera ndi ekiselo yolimba kutsogolo ndi masipuling'i a zitsulo zosanjikiza, ndipo Toyota inasiya mapangidwe amenewa cha mu 1997, ndiye anthu okonda tchire amazisaka mpaka lero. Koma ndalama zanu zoyamba zipite kunsi kwa galimoto komwe munthu woyenda pamsewu saona, penti abwera pomaliza penipeni ngati kandalama katsalako.

Tengani tochi ndi kanyundo mulowe pansi. Gogodani chasisi yonse kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, chitsulo chamoyo chimalira ngweee, chowola chimangoti du du ndipo nthawi zina nyundo imangolowa. Mukhalitse pomwe masipuling'i amangiriridwa, pomwe pali bokosi la chiwongolero, komanso kuseri kwa kabini pomwe matope amakonda kugona. Chasisi ya galimoto izi ndi yamphako, matope amalowa mkati nkumasunga chinyezi, ndiye dzimbiri limadya kuchokera mkati kunja kukuoneka bwinobwino. Mukapeza powola wowotcherera adule chowolacho nkuikapo chitsulo chatsopano chokhuthala mofanana ndi chakalecho. Zomata kachitsulo pamwamba pa dzimbiri kapena kupaka phala lija amakonzera bodi musalole, zimandipweteka mtima ndikaona galimoto yonyezimira koma pogwira sipuling'i pangotsala pang'ono kuthothoka, ndipo pamathothoka tsiku lomwe mwanyamula anthu pa chitunda. Ngati chasisi yawola malo ambiri mpaka kupindika, funani ina musanawononge ndalama pa china chilichonse.

Injini musayilize kaye, ndikudziwa manja akuyabwa kuti muike batire mumve kulira kwake. Chotsani ma glow plug (timapulagi totenthetsa m'masilinda poliza injini ya dizilo) onse anayi, thirani oyilo pang'ono m'masilinda, agone usiku, kenako zungulitsani injini ndi sipanala pa bawuti ya pule yaikulu ya kutsogolo. Ikazungulira kawiri mosakakamira ndiye kuti muli ndi mwayi. Injini ya 2.8 imeneyi ndi ija amati 3L ndipo imayendera lamba wa timing wa mphira, amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse, koma mphira imakalamba ngakhale galimoto itangoima, ndiye musawerenge makilomita, sinthani basi. Lamba ameneyu akaduka injini ikulira mavavu amagundana ndi mapisitoni ndipo ntchito yake imakhala yotsegula injini yonse. Poti mwatsegula kale kutsogoloko sinthiranitu tensioner (chokungira lambayo) ndi pampu ya madzi.

Dizilo wa zaka zisanu atayidwe yense, thanki itsukidwe chifukwa pansi pake pamakhala madzi ndi zinyalala zakuda zonanda zomwe zimatseka fyuluta. Ikani fyuluta yatsopano, popani kapampu kapamwamba pake mpaka mpweya wonse utuluke, oyilo watsopano, ndiye muyilize.

Nkhani ya madzi oziziritsa musayipeputse. Kutchire mumayenda pang'onopang'ono pa giya yaing'ono injini ikukoka mwamphamvu koma mphepo yolowa mu rediyeta ili yochepa, ndiye galimoto yomwe pa phula sitentha imatha kuwira pa phiri, ndipo mutu wa injini zimenezi ukatenthedwa umang'aluka. Rediyeta ikatsukidwe kapena isinthidwe, mapayipi onse a mphira atsopano, thermostat (kachitseko kotsegulira madzi njira injini ikatentha) ikhalemo. Amakaniko ena amaichotsa nkumati athetsa kutentha, kumeneko nkubisa matenda chabe.

Mabuleki ndiye palibe zokambirana. Mafuta a mabuleki amakoka chinyezi, nchifukwa chake amati asinthidwe zaka ziwiri zilizonse, ndiye patatha zaka zisanu mkatimo muli dzimbiri ndithu. Masilinda a kumbuyo, mapayipi a mphira, waya wa handibuleki, zonse zionedwe. Kenako jekani kutsogolo, gwirani tayala pamwamba ndi pansi muligwedeze, likamasewera ndiye mabeyaring'i atha kapena alekerera. Muyang'anenso kuseri kwa tayala pali chitsulo chobulungira ngati mpira, mkati mwake muli Birfield joint yomwe imapereka mphamvu ku tayala ngakhale mutakhota. Mukaona pakuchucha zakuda zamadzimadzi dziwani kuti silo yamkati yafa ndipo oyilo wa difu (magiya a mu ekiselo ogawira mphamvu ku matayala) wasakanikirana ndi girisi, phwasulani mbali zonse ziwiri, masilo ndi mabeyaring'i atsopano, girisi wakuda uja wa moly. Ndi ntchito yauve kwambiri ndipo ambiri amaithawa, koma 4x4 yanu yonse yagona pamenepo.

Zikatha izi ndiye tikambe za matayala. Pambali pa tayala pali manambala anayi kumapeto kwa mzere womwe umayamba ndi zilembo DOT, mwachitsanzo 2317 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2017. Tayala lopitirira zaka khumi litayeni ngakhale mano ake akuoneka atsopano. Kukweza galimoto ndi mamilimita 50 kumakwana pa ntchito yomwe mukunenayi, mukapitirira apo mumayamba kulimbana ndi shafiti, chiwongolero ndi mapayipi a mabuleki omwe afupika, komanso galimoto yaitali sichedwa kugubuduzika pamalo opendekeka. Matayala akulu kwambiri amailanda mphamvu 3L yomwe ndi yofatsa kale, sipidomita imayamba kunama, mabuleki amavutika, ndipo Birfield tanena ija ndi yomwe imayamba kuthyoka. Matayala kukwezako saizi imodzi basi, mano abwino a m'matope, mudzadabwa komwe idzafike.

FUNSO: Bambo, ndili ndi Land Cruiser ya 70 series yomwe anandisiyira malemu bambo anga. Ndikaika 4x4 pa phula chiwongolero chimalimba pokhota, matayala amalira, ndipo kandodo koikira 4x4 kaja kamakana kubwerera. Yawonongeka? (Mayi wowerenga)

YANKHO: Ayi mayi, sinawonongeke, koma mukapitiriza iwonongeka. Galimoto yanuyi ilibe difu yapakati, ndiye mukaika H4 kapena L4 (magiya a 4x4) kutsogolo ndi kumbuyo zimamangidwa pamodzi kuti zizizungulira liwiro limodzi. Pokhota matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo, pa dothi amatererako pang'ono nkhani nkutha, koma pa phula saterera ndiye mphamvu yonseyo imakanirira m'mashafiti ndi m'magiya. Kandodo kakakana musakamenye, bwererani chammbuyo mamita angapo chiwongolero chili chowongoka, kapena kwezani matayala a mbali imodzi pa dothi, kamasuka kokha. Pa phula H2 (yokoka ndi matayala akumbuyo okha) nthawi zonse ndipo mahabu, zotembenuza zija zapakati pa matayala akutsogolo, akhale pa FREE. Kamodzi pamwezi atsekereni pa LOCK muyende makilomita ochepa kuti oyilo azungulire mu difu yakutsogolo.

FUNSO: Ndangomaliza kukonza Land Rover Series III, ndinaika snorkel (paipi yoti injini izikokera mpweya pamwamba), ndawoloka nayo mtsinje kangapo. Dzulo ndatsegula difu oyilo watuluka woyera ngati mkaka. Madzi alowera kuti poti snorkel ilipo? (Wokonda Land Rover)

YANKHO: Snorkel imateteza injini yokha achimwene, difu ilibe nayo ntchito. Pamwamba pa ekiselo iliyonse pali kopumira kakang'ono, difu ikatentha ndi ulendo kenako nkumizidwa m'madzi ozizira mpweya wamkati umafota mwadzidzidzi ndipo imayamwa madzi kudzera pamenepo kapena m'masilo otopa. Khuthulani oyilo ameneyo lero lomwe musayendenso naye, mabeyaring'i sachedwa kufa. Muonenso giyabokosi, transfer box (bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo) ndi ma swivel (zobulungira zomwe matayala amakhotera) akutsogolo chifukwa madzi sasankha. Mankhwala ake ndi osavuta, chotsani topumira takaleto muikepo timapayipi tatitali tokwera mpaka m'chipinda cha injini pamwamba penipeni, kukamwa kwake kuyang'ane pansi. Ndipo mukafika pamtsinje imani kaye mphindi zingapo zitsulo zizizireko, mpata womwewo muyende wapansi muone kuya kwake ndi zomwe zili pansi.

Popeza mwati mwangomaliza kukonza ndikufunseni, chasisi munayiona mkati? Series III, zomwe zinapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, zimanyenga anthu ambiri chifukwa bodi yake ndi ya aluminiyamu ndiye sichita dzimbiri lofiira lija, munthu amangoti galimoto ndi yamoyo pomwe chasisi ndi chitsulo chija chili pakati pa injini ndi mapazi anu ndi zachitsulo wamba ndipo zimawola, makamaka chitsulo chopingasa cha chasisi chakumbuyo kwenikweni. Chimenecho ndi chomwe chimanyamula mphamvu yonse mnzanu akamakukokani mwatitimira. Ndipo chonde chingwe chokokera musamachikole pa kachitsulo kobulungira kokokera ngolo kaja, kanapangidwira kukoka ngolo pang'onopang'ono, kakalandira mphamvu yodzidzimutsa kamathyoka nkuuluka molunjika galasi la wokukokaniyo ndipo anthu afa nazo zimenezi. Mangani zokokera zenizeni pa chasisi ndi mabawuti olimba, ponyani chisaka kapena jekete lolemera pakati pa chingwe, ndipo oonerera onse aime kutali kuposa kutalika kwa chingwecho.