Mwana wokonda mabuku a zithunzi a mizukwa

Amayi, mwafunsa ngati mungamulole mtsikana wanu wa zaka 11, wa ku Ulongué ku Mozambique, kuwerenga mabuku a zithunzi aja pa Chipwitikizi amati banda desenhada, okamba za mizukwa ndi zilombo, poti anzanu akutchalitchi akuti n'zausatana. Ine ndikuti musamuletse, koma buku lililonse muyambe mwalitsegula nokha.

Ifetu tinakulira nthano zoopsa kuposa izi. Agogo akati "padangokhala", ife "tili tonse", kenako mtsikana wakwatiwa ndi fisi wovala khungu la munthu, ife n'kumakanikizana pamphasa. M'mawa tinkapita kudambo bwinobwino. Mwana amakonda mantha amene akudziwa kuti atha nthano ikatha.

Poyambira pabwino ndi Turma do Penadinho ya Mauricio de Sousa wa ku Brazil, yemwe uja wojambula nthano za kamtsikana Mônica. Penadinho ndi kamzukwa kokhala kumanda, anzake ndi chigaza cholankhula ndi Dona Morte, ndiye Imfa, wonyamula chikwakwa, koma zonse n'zoseketsa. Ili m'Chipwitikizi, ndiye imamuthandizanso kusukulu. Muli wina woyamwa magazi dzina lake Zé Vampir. Pamenepo khalani naye pansi, chifukwa kwathu kuno nkhani ya anamapopa si yoseka. Mu 2017 anthu anaphedwa ku Mulanje ndi Phalombe chifukwa cha mphekesera yomweyi. Mumuuze kuti uyu ndi wojambulidwa chabe, asakaloze munthu chala.

Hilda ya Luke Pearson ndi yofatsa: kamtsikana ka tsitsi labuluu koyenda m'mapiri n'kumakumana ndi zimphona za miyala. Ameneyu ngakhale mng'ono wake angawerenge.

Coraline ndiye ina. Neil Gaiman anailemba mu 2002, ndipo P. Craig Russell anaijambula mu 2008. Mtsikana atsegula kachitseko m'nyumba mwawo, n'kupeza mayi wina wofanana ndendende ndi mayi ake, womuphikira zonona, koma m'malo mwa maso ali ndi mabatani akuda, ndipo akufuna kumusoka mabatani m'maso nayenso. Chimaopsa n'choti woipayo ndi "mayi". Mwana amene amadzidzimuka usiku, kapena amene wataya kholo posachedwa, adikire kaye. Chimodzimodzi Amulet ya Kazu Kibuishi, imene buku lake loyamba limayamba ndi bambo akufa pangozi ya galimoto mwana akuona.

Chimene ine ndimakana ndi nkhani zija zimazungulira pa WhatsApp, zojambula nkhalamba ya m'mudzi ikuuluka m'lichero. Mwana akatseka foni, agogo apafupi aja amawaona ngati mfiti. Zimenezo mufufute ndithu.

Mabukuwa kuno ndi osowa. Tumani wina wopita ku Tete, ku Maputo kapena ku Lilongwe kudzera pa chipata cha m'malire cha Calómuè, koma a ku Malawi akhala a Chingerezi. Akapeza limodzi lokha, agule, ana azibwerekana. Ndipo awerenge masana pakhonde, osati ndi tochi ya foni m'bulangete.