Akakuuzani kuti "ife ndi a Canon", musayambe mwatsitsa mtengo

Achemwali, ndawerenga funso lanu. Mwati mwangoyamba kumene ntchito yogulitsa makina a fotokope akalala a Konica Minolta kuno ku Lilongwe, ndipo ofesi iliyonse yomwe mwalowa akukubwezani ndi mawu oti "ife ndi a Canon" kapena "a Kyocera atipatsa kale kotesheni yotsikirapo". Mukufuna kudziwa choyankha. Ndaona ena m'makomentimu akuti tsitsani mtengo, ena akuti muziwauza kuti makina a anzanuwo ndi osalimba. Ine zonse ziwirizo sindikugwirizana nazo, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Yambani mwavomereza mumtima kuti makinawa safuna kusiyana kwenikweni. Bizhub ya Konica Minolta yanuyo, imageRUNNER ya Canon, TASKalfa ya Kyocera, IM C ya Ricoh, e-STUDIO ya Toshiba, onsewa ndi a makampani a ku Japan, ndipo mukatenga a msinkhu umodzi, tinene otulutsa mapepala 25 kapena 30 pa mphindi, onse amalandira A3, amasindikiza mbali zonse ziwiri, amasikana n'kutumiza ku imelo. Mayina enanso amangopusitsa. Makina olembedwa Nashuatec kapena Gestetner m'kati mwake ndi Ricoh. HP idagula gawo la maprinta la Samsung mu 2017. Ricoh ndi Toshiba Tec adaphatikiza zopanga makinawa mu 2024. Ndiye mukakanyoza makina a wina pamaso pa munthu wa IT amene amazitsata zimenezi, angokuyang'anani n'kukupatsani ulemu wotsanzikana nawo. Komanso kumbukirani kuti Canon mukuinyozayo alipo amene adaisankha muofesimo, mwina ndi bwana yemwe mukulankhula nayeyo. Mukati ndi yoipa, mwamuuza kuti adagula mopanda nzeru.

Tsiku loyamba musatulutse kabuku ka malonda. Pemphani kuti muone makina omwe ali nawowo. Makina aliwonse a mtundu umenewu ali ndi mita, ndipo amatha kutulutsa pepala losonyeza kuti asindikiza mapepala angati akuda, angati akalala, angati a A3. Pemphani pepala limenelo, funsani kuti makinawo adabwera liti, mugawe, mudziwe kuti pamwezi amadya mapepala angati. Kenako chezani ndi amene amaima pamakinapo tsiku lililonse, asekilitale kapena amesenjala. Iwowo ndi amene angakuuzeni kuti thireyi yachiwiri idasiya kukoka mapepala kalekale, kuti tona (ufa wosindikizira) yachikasu ikatha amadikira masabata, kuti tekinishani akamuimbira Lolemba amafika Lachinayi. Bwana zimenezi sazidziwa, amangomva kuti lipoti lachedwa. Zomwe mwamva pamenepo ndiye katundu wanu weniweni wokagulitsa.

Nkhani ya mtengo ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pamene ambiri timagwera. Mtengo wogulira makina ndi kachigawo chabe ka ndalama zomwe ofesi idzawononge. Makina akalala amadya matona anayi, yakuda, yachikasu, cyan ndi magenta, ndipo ambiri imodzi ikatheratu amakana kusindikiza kalala, ena amaimiratu. Kuonjezera apo pali madiramu (amene amajambula chithunzi ndi tona), fuser (yotenthetsa tona kuti imamatire papepala), lamba wonyamula chithunzi, botolo la tona yotsalira, ndi timateyala tokoka mapepala, zonsezi zili ndi nthawi yake yosinthira. Nambala ya mapepala yomwe amalemba pabokosi la tona kawirikawiri amaiwerengera ngati tona ikukuta 5 peresenti ya pepala, ngati kalata wamba. Lipoti la bungwe lodzaza zithunzi za mijigo ndi ma logo a madona silikhala pa 5 peresenti, limameza tona mowirikiza. Ndiye khalani pansi ndi a akauntanti muwerengere limodzi mtengo wa pepala limodzi. Tingoyerekeza: ofesi ikusindikiza mapepala 8,000 pamwezi, pa zaka zisanu ndi mapepala 480,000. Ngati pepala lanu likutsika ndi K10 yokha poyerekeza ndi la mnzanu, mwawasungira K4.8 miliyoni. Kotesheni yotsikirapo ija imayamba kuoneka mwina. Koma masamuwo achiteni moona mtima, ndi mitengo yeniyeni ya matona a mbali zonse ziwiri, chifukwa nthawi zina adzatuluka mokomera mnzanuyo, ndipo ndi bwino muzidziwe nokha musanafike pamaso pa kasitomala.

Za Kyocera, musakane zomwe zili zoona. Iwo amadziwika ndi diramu yolimba ya amorphous silicon yomwe imatenga nthawi yaitali isanasinthidwe, ndipo wogulitsa wawo aliyense amayambira pomwepo. Vomerani kuti ndi zoona, kenako funsani kuti kotesheniyo ikuphatikiza chiyani. Kodi muli finisha yomenya masitepulo? Mathireyi ndi angati, tebulo loikapo makina lilimo? Matona obwera ndi makinawo ndi odzaza kapena ndi oyambira chabe? Kulumikiza makompyuta onse ndi kuphunzitsa antchito ndi kwaulere? Makotesheni ambiri amaoneka otsika chifukwa achotsamo zinthu, ndipo ogulitsa a mitundu yonse amachita zimenezi, ngakhale a mtundu wanuwo. A Canon mphamvu yawo ndi dzina, munthu aliyense adaionapo. Pamenepo simungapikisane ndi mawu, koma ndi makina enieni: apempheni abwana anu akuloleni kukasiya makina achionetsero kwa sabata imodzi. Musasindikize zithunzi za maluwa zomwe zimabwera ndi makinawo. Sindikizani letahedi yawo, muone ngati mtundu wa logo yawo watuluka momwe amaufunira, ndipo sikanani mulu wa malisiti opindikapindika a ku akaunti, muone ngati fida, chokoka mapepala osikana, ikuwakoka osajama.

Kunena zoona, opikisana nawo oopsa kwambiri nthawi zambiri si Canon kapena Ricoh. Ndi timaprinta tating'ono ta patebulo tomwe bwana aliyense ali nako kake, totsika mtengo pogula koma katiriji yake yolira. Enanso ndi makina ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera kunja, omwe mtengo wake simungaufike ngakhale mutachotsa komishoni yanu yonse. Pa amenewa funsani kuti mita ikuwerenga chiyani, waranti akupereka ndani, komanso magetsi ake ndi otani, chifukwa opangidwira msika wa ku America ndi a 120V pomwe kuno tili pa 230V. Palinso a Epson omwe akubwera ndi makina akuluakulu a inki osatenthetsa pepala, ndipo amadya magetsi ochepa kuposa a laser, oyendera tona ngati anuwo. Ofesi yoyendera sola ikakufunsani zimenezo musazembe.

Chomwe chimaopsa a akauntanti pa makina akalala ndi chimodzi: antchito azidzasindikiza makadi a ukwati, mapologalamu a kwaya ndi homuweki ya ana. Nkhawa imeneyi iyankheni asanaitchule. Asonyezeni kuti munthu aliyense kapena dipatimenti iliyonse ikhoza kukhala ndi nambala yake yachinsinsi, ena n'kuletsedwa kalala, ndipo pakutha pamwezi lipoti limatuluka loonetsa amene wasindikiza zingati. Pa bizhub zimenezi ndi Account Track, a Canon amati Department ID, a Kyocera amati Job Accounting, ndiye musaname kuti ndi inu nokha muli nazo. Kusiyana kwake n'kwakuti ambiri amagulitsa makina n'kuchoka osazitchera. Inu zitchereni, ndipo pakompyuta iliyonse muike kuti izisindikiza zakuda pokhapokha munthu atasankha yekha kalala. Apo ayi, imelo yonse yakuda yokhala ndi kalinki kamodzi kabuluu pansi, mita imaiwerenga ngati pepala lakalala. Kanthu kameneka mukakaonetsa a akauntanti ndi maso, amayamba kukumverani.

Tsono za kwathu kuno. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zakhala zikuvuta kupeza. Tona ndi masipeya zonse zimachokera kunja. Choncho kasitomala wochenjera sakufunsani za liwiro la makina, akufunsani ngati tona ili pashelefu. Musanapite kukagulitsa, lowani kusitolo kwa kampani yanu muone ndi maso kuti matona a modelo mukugulitsayo alipo angati, fuser ilipo kapena ayi, matekinishani ndi angati, galimoto ali nayo. Ngati mukulonjeza kuti tifika tsiku lomwelo, zilembedwe m'kontirakiti, ndipo musalonjeze wa ku Karonga zomwe mungakwanitse ku Area 3 kokha. Kotesheni yanu izinena kuti mtengowo ugwira masiku angati. Ngati mukupereka makina pa lendi kapena kulipiritsa pa pepala lililonse, nenani poyera momwe mtengo udzasinthire Kwacha ikagwanso, chifukwa mkangano waukulu umabuka pamenepo.

Magetsinso musawaiwale. Fuser imatentha kwambiri kuti tona imamatire papepala, ndipo makina a A3 akamatenthetsa amakoka mphamvu yoposa kilowati imodzi. Ka UPS kosungira magetsi a kompyuta sikangawanyamule. Magetsi akamathimathima, kapena akamasinthira ku jenereta, bolodi ya zamagetsi ya m'makinamo ikhoza kupsa, ndipo waranti nthawi zambiri sikhudza zimenezo. Ikani choteteza magetsi m'kotesheni, ngakhale chikweze mtengo pang'ono. Nyengo ya dzinja auzeni asamatsegule mapaketi a mapepala n'kuwasiya pansi, pepala likanyowa ndi chinyontho limajama, ndipo mlandu umagwera makina anu.

Ku boma ndi m'mabungwe akuluakulu zogula zimayenda pa tenda, ndiye mapepala a kampani yanu a ku PPDA, bungwe loyang'anira zogula za boma, ndi a msonkho a ku MRA akhale okonzeka nthawi zonse. Mukawerenga zofunika pa tenda n'kuona kuti zakoperedwa m'kabuku ka mtundu wina, lembani kalata yopempha kuti afotokoze bwino nthawi isanathe, m'malo modandaulira m'makonde. Wina akayamba zoti "nanga ife tidyapo chiyani", tulukanimo bwinobwino. Komishoni ya makina amodzi siyokwana kulipira loya.

Ena adzakanabe, makamaka amene ali pakati pa kontirakiti ndi kampani ina kapena makina awo akadali atsopano. Amenewo musawakakamize. Funsani mwezi womwe kontirakitiyo ikutha, muulembe, mudzabwerere kutatsala miyezi itatu kapena inayi, bajeti yawo isanatsekedwe. Nambala yanu isiyeni kwa asekilitale aja, osati kwa bwana yekha, poti makina akadzaima pakati pa mapepala a msonkhano wa bodi, woyamba kugwira foni amakhala iwowo. Mukapeza pepala la mita la ofesi ina, fufutani dzina la ofesiyo muliponye m'gulu muno pamodzi ndi modelo yomwe mukufuna kuwapatsa, tiwerengere limodzi mtengo wa pepala.