Adokotala sanasokoneze zithunzi, achemwali

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti bambo ake adwala sitiroko. Chithunzi cha m'mutu chomwe anawajambula kuchipatala chikuonetsa kuti ubongo wavulala kumanzere, koma dzanja ndi mwendo zomwe zafooka ndi za kumanja. Funso lake: kodi adokotala sanasokoneze?

Achemwali, sanasokoneze ayi. Kalata yanuyi yandikumbutsa amalume anga, chifukwa zinawachitikiranso chimodzimodzi. Dzanja lawo lamanja linapindikira pachifuwa, zala zitafumbata, ndipo batani limodzi la malaya ankalimbana nalo mpaka thukuta kamukamu. Koma chomwe chinkandipweteka mtima kwambiri chinali pakamwa. Munthu wokonda macheza uja anatsala ndi liwu limodzi: "eya". Mukumva kuwawa? Eya. Dzina lanu ndani? Eya, maso ali psuu ndi mkwiyo, chifukwa yankho ankalidziwa koma silinkatuluka. Odzawazonda ankawakuwira kukhutu ngati ogontha, ena n'kumakambirana za iwo ali pomwepo. Zimenezi mpaka pano zimandinyansa. Ankamva zambiri ndithu!

Mu 1861, Paul Broca, dokotala wa ku Paris, anaona ubongo wa wodwala amene kwa zaka zambiri ankangonena kuti "tan". Chilonda chinali kutsogolo, kumanzere. Mwa anthu ambiri, malo opangira mawu ali kumeneko, moyandikana ndi malo olamula nkhope ndi dzanja lamanja. N'chifukwa chake mawu ndi dzanja lamanja zimakonda kuvutikira limodzi.

Nanga kumanzere kulamula bwanji kumanja? Ubongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana ndiwo likulu la uthenga wonse wa m'thupi. Mtsempha umenewu ndi wautali pafupifupi masentimita 45, ndipo umatulutsa mitsempha 31 mbali iliyonse yopita m'manja, m'miyendo ndi m'thupi monse. Ina 12 mbali iliyonse imachokera ku ubongo mwachindunji, monga ya maso ndi makutu. Mukafuna kutukula dzanja, lamulo limayambira pamwamba pa ubongo n'kutsika. Likafika pa medulla, pomwe ubongo umalumikizana ndi msana, ulusi wambiri wa mitsempha yonyamula lamulolo umapingasana: wochokera kumanzere umawolokera kumanja, wa kumanja kumanzere. Mbali yakuseri kwa mutu, cerebellum, yothandiza kuti tisadzandire, imachita zosiyana, imasamalira mbali yake yomweyo.

Musandiyambitse za mafunso a pa Facebook aja, oti ndinu munthu wa ubongo wa kumanzere kapena wa kumanja. Mabodza. Mbali ziwirizi zimalumikizidwa ndi ulusi pafupifupi 200 miliyoni, ndipo zimatumizirana uthenga usana ndi usiku.

Ndiye ndinene mosabisa: dzanja la bambo anu silikudwala. Minofu ilipo, mitsempha ya m'dzanjamo ili bwino, chomwe sichikufika ndi lamulo. Kulipaka mankhwala otentha ndi kulisisita basi sikungalidzutse. Mtsempha wa m'dzanja ukaduka n'kusokedwa umatha kumeranso pafupifupi milimita imodzi patsiku, koma maselo a ubongo akafa sabwerera motero. Chimene chimachitika n'chakuti maselo ena otsala amaphunzira ntchitoyo, ndipo amaphunzira munthu akamayesa yekha mobwerezabwereza. Amalume aja anthu ankawamangira mabatani chifukwa cha chisoni. Chisoni chimenecho ndimachikayikira.

Nanga muchite chiyani?

Pemphani msanga madokotala a fiziyo, ophunzitsa odwala kuyendetsanso ziwalo zofooka, chifukwa miyezi yoyambirira ndi pomwe kusintha kumakhala kwakukulu. Asiyeni ayese okha, ngakhale achedwe. Powadzutsa musakoke dzanja lofookalo, phewa lingaguluke. Mankhwala a BP asadumphe. Nkhope ikapendekanso kapena mawu akasokonekera mwadzidzidzi, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa m'maola oyambirira okha.