Zigoli za Pietie Coetzee zinkachokera pati?

Mayi wina watilembera pa imelo: mwana wawo wamkazi wayamba hockey (masewero omenya mpira ndi ndodo) kusukulu, ndipo aphunzitsi ake satha kuyankhula osatchula Pietie Coetzee. Akufunsa kuti mayi ameneyu anachita zotani, nanga mwana angatengerepo chiyani.

Amayi, Coetzee ndi wa ku South Africa, wobadwa mu 1978. Analowa mu timu ya dziko lake mu 1995 ali ndi zaka 16, n'kusewera pa Olimpiki ya 2000, 2004 ndi 2012. Pakatipo anapuma zaka pafupifupi zisanu. Atabwerera, mu June 2011 ku Dublin m'dziko la Ireland, anamwetsa zigoli zinayi pamasewero ndi United States, n'kupitirira zigoli 220 za Natella Krasnikova, yemwe ankasewerera dziko la Soviet Union, zomwe zinali zochuluka kuposa za mzimayi aliyense m'masewero a mayiko.

Chida chake chachikulu chinali drag flick, kutanthauza kukoka mpira ndi ndodo n'kuuponyera m'golo osaumenya, pa penalty corner, mpata womwe timu imapatsidwa otchinga akalakwa pafupi ndi golo lawo. Mnzake amakankha mpira kuchokera pamzere wakumbuyo, mamita osachepera 10 kuchokera pagolo. Wina amauimitsa kunja pang'ono kwa bwalo lomenyera zigoli, lomwe lili mamita 14.63 kuchokera pagolo. Otchinga asanu okha, kuphatikizapo goloboyi, ndiwo amaloledwa kuima kumbuyo kwa mzere.

Nayi nkhani yake: mpira woyamba wolunjika m'golo ukakhala womenyedwa, suyenera kulowa pamwamba pa thabwa la m'golo, lotalika mamilimita 460 kuchokera pansi. Koma wokokedwa ndi ndodo umaloledwa kukwera, bola usaopseze munthu. Golo ndi lotalika mamita 2.14 kupita m'mwamba, choncho wokoka ali ndi malo ambiri oti alozeko.

Wokokayo amatsika m'mawondo, mpira uli kumbuyo kwa thupi, n'kuugoneka pandodo. Amaponda sitepe yaitali ndi phazi lamanzere, kenako amazungulitsa chiuno. Manja amabwera pomaliza. Ana ambiri amalakwa pomwepa. Amaimirira msanga, mpira n'kuthawa pandodo, kapena amakoka ndi manja okha, mpira n'kupita mofooka. Woimitsa akaphonya pang'ono, wotchinga woyamba amakhala wafika kale.

Mwana wanuyo asathamangire kukweza mpira. Ayambe ndi kukankha wapansi mowongoka, mipira 20 kapena 30 patsiku, ndi anzake awiri omwewo, wokankha ndi woimitsa. Akayamba kudandaula msana kapena chiuno, apume kaye, chifukwa kakokedwe kameneka kamalemetsa malo amenewo.