Mafunso pa Chichewa: mawu okonzera chithunzi cha pulojekita

Bambo wina wa ku Luchenza, amene amaonetsa mpira ndi mafilimu pa pulojekita, wafunsa kuti: "Ndikufuna kulemba kapepala ka malangizo m'Chichewa kuti anyamata anga asamasokoneze chithunzi. Pa menyu pali Brightness ndi Contrast, koma zonsezi ine ndimangoti kuwala. Ndilembe bwanji?"

Bambo, mawu akuti kuwala ndi amene akusokoneza anyamata anuwo. Mukalemba kuti "wonjezerani kuwala", mnyamata adzathamangira pa Brightness, ndipo chithunzi chidzangoti mbuu ngati galimoto yoyenda mumsewu wafumbi. Dzina la batani limeneli limasocheretsa. Ntchito yake yeniyeni ndi kukonza mbali zakuda za chithunzi. Likakwera kwambiri, chakuda chimatuwa. Likatsika kwambiri, zonse za mumthunzi zimamira, jekete lakuda ndi mdima wa kumbuyo kwake zimasanduka chinthu chimodzi. Contrast ndiye amagwira mbali zoyera. Choncho musamasulire dzina la batani, lembani ntchito yake: Brightness ndi "pokonzera zakuda", Contrast ndi "pokonzera zoyera".

Koma samalani, chifukwa m'Chichewa kuda kumatanthauzanso litsiro, kuyera kumatanthauzanso ukhondo. Mukangoti "chithunzi chada", wina adzatenga kansalu kukapukuta lenzi. Apa ndi pamene timawu tathu tofotokoza maonekedwe timathandiza kwambiri: bii, mbee, mbuu. Pa nkhani ya chithunzi, ndi ochepa amene angamve "chakuda bii" n'kuganiza za litsiro.

Kapepala kanu kakhoza kuyenda chonchi. Tsekani makatani, yatsani pulojekita, dikirani mphindi 15 mpaka 20 kuti babu likhazikike. Pa Picture Mode sankhani Cinema kapena Movie, osati Dynamic, imene imathobwa m'maso ndi kusokoneza mitundu. Imitsani filimu pamene pali munthu wovala suti yakuda. Tsitsani Brightness mpaka makwinya a sutiyo asowe, kenako kwezani kamodzikamodzi mpaka ayambe kuonekanso, n'kusiyira pomwepo. Mukatero pezani malaya oyera kapena mitambo. Kwezani Contrast mpaka malayawo angoti mbee osaoneka thumba kapena kolala, ndiye mubwerere pang'ono mpaka thumbalo lionekenso. Bwererani pa suti ija mukaone ngati sinasinthe, poti mabatani awiriwa amakokana.

Mawu akuti kuwala muwasungire babu. Pa Lamp Mode pamakhala Normal ndi Eco. Eco amachepetsa kuwala, fani imachepetsa phokoso, ndipo babu limakhalitsa. Ndipo muwauze anyamatawo chinthu ichi, chimene ambiri sachidziwa: pulojekita siponya chakuda. Chakuda chimene mumaona ndi khoma lomwelo pamene sipanafike kuwala. Ngati dzuwa likulowa pazenera, palibe batani limene lingabweze chakuda chimenecho. Mankhwala ake ndi katani yochindikala.

Aphunzitsi ena a ku Chitakale akuti: "Zilembo zimaoneka mwachizimezime. Mwana wanga akuti ndikweze Sharpness kuti chithunzi chikhale chakuthwa. Kodi Chichewa chimenechi n'cholondola?"

Ayi aphunzitsi, chakuthwa ndi mpeni, chikwanje ndi lumo. Chithunzi chimaoneka bwinobwino, kapena chimati ngwee. Mawu anu akuti chizimezime ndiwo abwino zedi, ndipo akuloza kumene kuli vuto. Chizimezime chimachokera ku lenzi, osati ku menyu. Tsegulani menyu kuti pakhoma pakhale zilembo, muzungulitse pang'onopang'ono mkombero wa Focus umene uli pa lenzi, wina ataima pafupi ndi khoma kuti akuuzeni zilembo zikati ngwee. Sharpness sabweza chimene lenzi yataya. Amangolemba mizere yochita kupanga m'mphepete mwa zinthu, ndipo akakwera kwambiri mumaona kamzere koyera kozungulira chilembo chilichonse, nkhope n'kumaoneka zokhakhala. Ine ndingamutchule kuti "polimbitsira mizere", ndipo ndi bwino kumusiya chapansi kapena pakati.

Ngati mbali imodzi yati ngwee koma inayo ili chizimezime, kawirikawiri ndiye kuti pulojekita sinayang'anizane bwino ndi khoma. Ikayang'ana chokwezeka, chithunzi chimatambalala kumwamba n'kupanikizika pansi. Batani la Keystone limawongola zimenezi, koma limatero pofinya chithunzi, choncho tizinthu ting'onoting'ono timatayika. Kuli bwino kukweza tebulo kapena kusuntha makinawo mpaka ngodya zinayi ziwongoke zokha, Keystone akhale pa 0.

Kwathu kuno kulinso chizimezime china. M'miyezi ya chiperoni, makina akagona m'chipinda chozizira n'kuwalowetsa mofunda modzaza anthu, lenzi imagwira nthunzi. Musazungulitse kalikonse. Dikirani nthunziyo ichoke yokha, ndipo ngati mukupukuta, tengani kansalu kofewa kopukutira magalasi a m'maso, osati nsonga ya chitenje.

Mnyamata wina wa pa boma la Thyolo wafunsa ziwiri: "Colour ndilembe kuti mtundu kapena kala? Nanga Colour Temperature ndi kutentha kwa makina?"

Achimwene, kala amamveka pakamwa, koma polemba amavuta, chifukwa akachuluka amasanduka makala a pambaula. Lembani mtundu. Zoona, mtundu ulinso ndi matanthauzo ena, monga mtundu wa anthu ndi mtundu wa chimanga, koma chiganizo chimalongosola chokha. Makaka ndi mawu abwino, kungoti makutu athu anawazolowera pa zovala za timu kapena za chipani. Pofotokoza ntchito ya batani la Colour, bwerekani mawu a nsalu: mitundu imasuluka kapena imalowerera. Likatsika, chithunzi chimasuluka ngati chitenje chochapidwa kambirimbiri. Likakwera, mitundu imalowerera mopyola, khungu la munthu limafiira psuu. Muyeso wabwino ndi khungu lomwelo, chifukwa diso limalidziwa. Wachiwiri ndi msipu. Inu amene mumaona minda ya tiyi tsiku ndi tsiku mukudziwa kubiriwira kwenikweni. Ngati udzu wa pabwalo la mpira ukuwala kuposa nsonga za tiyi wongophuka kumene, tsitsani. Ndipo polemba musiyanitse chobiriwira ndi chabuluu, poti akuluakulu ena amatchula zonsezi ndi mawu amodzi, pamene pa makina ndi mitundu iwiri yosiyana.

Colour Temperature sakhudzana ndi kutentha kwa makina. Amanena za maonekedwe a choyera. Pa Cool choyera chimapendekera ku buluu, pa Warm chimapendekera ku chikasu. Mafilimu amakonzedwa pa muyeso wa 6500K, ndipo pa makina ambiri Warm ndiye amayandikira pamenepo. Poyamba mudzaona ngati chithunzi chachita chikasu, koma diso limazolowera pakapita mphindi zochepa. M'Chichewa mungoti "posankhira mtundu wa choyera". Mukalemba "kutentha", wina adzaganiza kuti kusankha Cool ndi kuziziritsa makina, n'kuiwala zimene zimaziziritsadi: kutsuka sefa ya fumbi, kusatseka timabowo ta mpweya, ndi kudikira fani isiye kulira musanazule pulagi.

Funso lomaliza ndi la kalembedwe, lochokera ku Bvumbwe: pulojekita kapena purojekita? Lamulo lake ndi lakuti r amabwera pambuyo pa i ndi e, pamene l amabwera pambuyo pa a, o ndi u. N'chifukwa chake timalemba kuyera ndi kufiira, koma kuwala ndi kusuluka. Choncho ndi pulojekita, ndipo nsalu yoonetserapo ndi sikirini. Mawuwa amayenda ngati wailesi ndi foni: pulojekita yanga yawonongeka, mapulojekita awiri afika.